Chaja ya laputopu ikutentha mpaka kununkha pulasitiki, ndiisiye kapena ndipitirize?

mwana_wa_ku_mchini:

Abale anga muli bwanji nonse, ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi laputopu ya HP ya salaula, chaja yomwe inabwera nayo inaduka nthambo ndiye ndinakagula ina mu town pa kashopu kena ka mafoni, wogulitsa analumbira kuti ndi orijino. Manje vuto ndi iyi, ikangogwira nchito pang'ono chabe kabokosi kakuda kaja kamatentha moti sungakagwire nthawi yaitali, makamaka batire ikakhala yatheratu uku ndikulemba ma assignment uku ndatsegula ma video a kusukulu. Usiku wathawu ndinayamba kumva kafungo ka pulasitiki yopsa, ndipo ukaika khutu pafupi kamamveka kulira pang'ono kuti tsiii. Mnzanga amene timakhala naye akuti machaja onse amatentha ndisadandaule, koma amai a landilodi akuti tsiku lina ndidzawaotchera nyumba. Akunena zoona ndani apa? Ndalama ya chaja ina ndilibe mpaka mwezi uthe ndipo mayeso ali pafupi, kusiya laputopu sindingakwanitse.

mudala_wa_ku_kapata:

Kkkkk asisi musaope, yanga imatentha chaka chonse koma ikali moyo. Ikani pa simenti chabe, ikatenthetsa muziphimba ndi kansalu konyowa, izizira yokha. Ma landilodi nthawi zonse amakokomeza zinthu, akungofuna musamathe ma units.

fundi_wa_malaputopu:

Asisi, za nsalu yonyowazo iyayi, chonde musayese. Madzi akangolowa polowera nthambo paja ndiye mwaitana ngozi nokha, komanso nsaluyo ikauma imatsekera kutentha mkati momwemo. Pa za simenti pokha ndiye madala pamwambapa anena zoona.

Ine nchito yanga ndi kukonza malaputopu ndi mafoni kuno ku Chipata, machaja otere amabwera pa benchi yanga pafupipafupi. Mnzanuyo sananame kotheratu, chaja iliyonse imafunda ndithu. Pa soketi ya pakhoma pamabwera 230V, pomwe laputopu imafuna 19V kapena 20V chabe, ndiye kabokosi kaja nchito yake ndi kutsitsa malaitiwo ndi kuwasintha kuchoka ku AC, malaiti a pakhoma, kupita ku DC, malaiti ngati a mu batire. Posinthapo mphamvu ina imatayika, pa chaja yabwinobwino ya 65W ikamagwira mwamphamvu pamatayika ma watts mwina 7 mpaka 10, ndipo zotayikazo zimasanduka kutentha basi. Mkati mulibe fani, mulibe tizibowo ta mpweya, kabokosi konse anakamata, ndiye kutenthako kumatulukira pa pulasitiki ya kunja yomwe inu mumagwirayo. Nthawi yomwe imatentha kwambiri ndi yomwe mwanenayo, batire ili pa ziro ndipo inu mukugwiritsa nchito laputopu, chifukwa apo ikudzaza batire uku ikuyendetsa makina nthawi imodzi. Batire ikadzaza imayenera kuyamba kuzizira. Onjezerani kutentha kwa mu Okutobala m'nyumba ya malata yopanda siling'i, muona kuti ngakhale chaja yabwino imafunda kwambiri.

Koma kufunda ndi kupsa ndi zinthu ziwiri. Chaja yabwino ikatentha umatha kuigwira m'manja, umangoti eh yatentha, koma suitaya pansi. Yanuyo mukuti simungaigwire, ndipo chomwe chandiopsa ine kwambiri ndi fungolo. Chaja siyenera kununkha, olo pang'ono. Fungo la pulasitiki limatanthauza kuti china chake mkati kapena pa nthambo chayamba kale kusungunuka, ndipo chosungunuka sichibwerera, mawa chimakhala choipa kuposa lero. Kulira kwa tsiii kokha sikundidetsa nkhawa kwenikweni, machaja ena abwino amalira choncho makamaka batire ikadzaza, koma kukakhala kothetheka ngati waya akugundana mkati, apo ndiye zula pakhoma nthawi yomweyo. Zina zoti muone, pulasitiki yasintha mtundu kapena yatupa penapake, nthambo yalimba kapena yafewa pafupi ndi kabokosi, komanso ngati imatentha ngakhale laputopu simunailumikize. Chaja yomwe ili pakhoma yokha yopanda laputopu iyenera kukhala yozizira kapena yofunda pang'ono chabe.

Chitani ichi, zulani chajayo muitembenuze, pali pepala lolembedwa tizilembo ting'onoting'ono. Pezani pomwe alemba OUTPUT mutiuze manambala ali pamenepo, pali nambala yothera ndi V, ma volts, ndi ina yothera ndi A, ma amps. Ndiye mutembenuzenso laputopu, pansi pake kapena pomwe pamakhala batire alembapo INPUT, mutiuzenso. Komanso mundiuze, chomwe chikutentha ndi kabokosi chabe kapena ndi pulagi ya pakhoma kapena kamutu kolowa mu laputopu, chifukwa matenda ake ndi osiyana.

mwana_wa_ku_mchini:

Zikomo amalume. Pa chaja alemba OUTPUT 19.5V 2.31A, pansi pa laputopu alemba 19.5V 3.33A. Kamutu kake ndi ka blue ndipo kamalowa bwinobwino ndiye ine ndimaona ngati zonse zili bwino. Chotentha kwambiri ndi kabokosi koma pulagi nayo imafunda, ndi ya mano awiri ija ndimachita kutsegula soketi ya ekisitenshoni ndi chivindikiro cha bolopeni kuti ilowe. Laputopu ikamayaka imalembanso kauthenga kena kokhudza adapter koma ndimangotseka osawerenga.

fundi_wa_malaputopu:

Basi tapeza. Chulukitsani manambalawo, 19.5 kuchulukitsa ndi 2.31 ikupatsani 45, ndiye chaja yanu ndi ya 45W. Ya laputopu 19.5 kuchulukitsa ndi 3.33 ikupatsani 65. Laputopu ikufuna 65W inu mukuipatsa 45W, zili ngati wa njinga ya taxi mwamukweza matumba atatu a chimanga kuti akwere nawo ku Kanjala, afika mwina koma thukuta lake muliona. Chajayo ikugwira nchito pa malire ake nthawi yonse osapuma. Kamutu ka blue kaja kamapusitsa anthu ambiri chifukwa HP amaika kamutu komweko pa ya 45W, ya 65W ndi ya 90W, ndiye kulowa kokha sikutanthauza kuti ndi yoyenera. Kauthenga komwe mumatsekako mwina kamakuuzani zomwezi, mkati mwa kamutuko muli kasingano kakang'ono komwe laputopu imadziwira mphamvu ya chaja, a Dell nawonso ali ndi kasingano kotero ndipo laputopu ikapanda kuizindikira chaja imayamba kuyenda pang'onopang'ono kapena kukana kudzaza batire.

Manje apa pali china. Chaja ya 45W yeniyeni ikalemedwa imatentha inde, koma ili ndi chitetezo mkati, ikafika poipa imazima yokha. Yanuyo mmalo mozima ikununkha, ndiye ine ndikukayikira kuti ngakhale 45W yalembedwayo ndi ya papepala chabe. Ma gong'a ambiri amasindikiza pepala lokongola koma mkati achotsamo zonse zomwe amaona kuti zikudya ndalama, zotetezera kutentha, zosefa malaiti, zitsulo zomwazira kutentha, ndipo choopsa kwambiri ndi chakuti mpata pakati pa mbali ya 230V ndi mbali yopita ku laputopu umakhala wochepa. Mpata umenewo ukalephera, malaiti a pakhoma amapita molunjika ku motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa laputopu, kapena kwa inu amene mwaika manja pa laputopu.

Ine kunena kwanga ndi kwakuti isiyeni. Ndikudziwa kuti mthumba mwauma, koma motherboard ikapsa mtengo wake upitirira machaja angapo. Pofikira kumapeto kwa mwezi bwerekani kwa mnzanu wa HP ya kamutu ka blue ya 65W, muzidzaza masana. Ngati palibiretu kochitira, dzazani laputopu ili yozimitsa, chaja ili pa simenti poyera, inu muli pomwepo maso ali pa iyo, mukangomva fungo zulani. Koma izi ndikunena monyinyirika, ine ndekha chaja yonunkha sindingaibwezere pakhoma.

mudala_wa_ku_kapata:

Koma bosi nanga akapeza ya 90W siiotcha laputopu? Ine ndimadziwa kuti chaja yaikulu imaphulitsa batire.

fundi_wa_malaputopu:

Iyayi madala, chaja sikankhira malaiti mu laputopu, laputopu ndiyo imakoka zomwe ikufuna. Ya 90W pa laputopu ya 65W ilibe vuto, imakhalanso yozizirirapo chifukwa sikulemedwa. Chofunika kufanana ndi ma volts ndi kamutu. HP ndi Dell zambiri ndi 19.5V, Lenovo 20V, Acer, Asus ndi Toshiba zambiri 19V. Ma amps akhale ofanana kapena ochulukirapo, osati ochepa. Machaja aja a universal okhala ndi timitu tambiri ndi kaswichi kosinthira ma volts ndi omwe amaotcha malaputopu, munthu wakankha kaswichi mosadziwa kafika pa 24V basi zatha.

aphunzitsi_aku_katete:

Mwanawe, afundi akuuza za kabokosi, ine ndikuuzeko za pulagi yomwe ukutsegulira ndi bolopeniyo, chifukwa kusukulu kwathu tinatsala pang'ono kutaya chipinda cha makompyuta chifukwa cha zomwezo, ndipo chaja inali yabwinobwino. Masoketi athu ambiri kuno ndi a mano atatu aja a makona, pulagi ya mano awiri ozungulira ikalowa mmenemo simagwira bwino, imagwedera. Pogwedera pamenepo malaiti amadumphadumpha, chitsulo chimatentha, pulasitiki ya ekisitenshoni imayamba kuda kenako kusungunuka. Ukaona soketi ili ndi kuda kozungulira bowo dziwa kuti zakhala zikuchitika kale. Komanso pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi mkati ndi dzino la earth, ya mano awiri ilibe zonsezi. Nthambo yochoka pakhoma kupita ku kabokosi imagulitsidwa payokha, siidula kwambiri, gula ya mano atatu. Fyuzi ya 3A imakwanira pa chaja ya laputopu, ndipo ikapsa ugule ina, osamangapo kawaya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya monga amachitira anyamata ena, fyuziyo ikapsa imakhala ikukuuza kuti pali vuto.

Ekisitenshoni nayonso uione. Chaja ya laputopu payokha imakoka malaiti ochepa kwambiri, siifika olo 1A pa 230V, koma m'nyumba za lendi ekisitenshoni imodzi yomweyo mwaikapo ketulo, ayironi ndi kastovu, pomwe malire a pulagi ndi 13A ndipo ketulo ya 2000W yokha imadya pafupifupi 9A. Zotchipa zija waya wake ndi woonda, 13A yolembedwayo saikwanitsa.

China chomwe chinatizolowetsa zoipa ndi load shedding. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala tinafika pokhala maola 21 opanda malaiti pa tsiku, ndiye aliyense anazolowera kusiya zonse zili pakhoma pogona kuti malaiti akabwera pakati pa usiku zidzaze zokha. Ana asukulu amagona laputopu ili pabedi, chaja ili pansi pa pilo kapena yakwiririka mu bulangeti pafupi ndi neti ya udzudzu. Malaiti abwera 2 koloko usiku batire ili pa ziro, chaja ikugwira mwamphamvu kwambiri nthawi yomwe munthu aliyense ali mtulo, ndipo matiresi a siponji akagwira moto sachedwa, utsi wake ndi woipa. Amai a landilodi ako sakukokomeza. Komanso malaiti akamabwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira, ndi bwino kuzula zinthu akapita, akabwera udikire pang'ono akhazikike. Nthawi ya mvula ya ziphaliwali chimodzimodzi.

Ikagwira moto osathira madzi ili pakhoma. Thamangira ku main switch uzimitse, ndiye uthire mchenga kapena ugwiritse nchito chozimira moto cha ufa kapena cha CO2 ngati chilipo. Moto ukakula tulukani nonse muimbe 993 kwa ozimitsa moto.

mwana_wa_ku_mchini:

Eeh amai mwandiopsa, chaja yanga imagona pabedi ndithu chifukwa soketi ili kumutu kwa bedi. Ndaizula manje. Ndaonanso pa ekisitenshoni bowo limodzi lada.

it_guy_petauke:

Ndiwonjezereko kamodzi kwa amene muli ndi malaputopu akale a salaula. Mu 2014 a HP analengeza kuti nthambo za pakhoma pafupifupi 6 miliyoni zibwezedwe chifukwa zina zimatentha mpaka kusungunuka, zinali zomwe zinagulitsidwa ndi malaputopu a HP ndi Compaq kuyambira September 2010 mpaka June 2012. Mu 2014 momwemo a Lenovo nawo analengeza kuti nthambo za mtundu womwewo zibwezedwe. Chizindikiro chake ndi LS-15, chinadindidwa pa kamutu ka nthambo kolowa mu kabokosi. Nthambo sizifa msanga, zimangosuntha kuchoka pa chaja ina kupita pa ina, ndiye sizodabwitsa kuipeza mu bokosi la nthambo zakale pa shopu. Mukaona nthambo yakuda yolembedwa LS-15 ingosinthani, musavutike ndi kufufuza.

Kwa a malaputopu atsopano a USB-C nkhani ndi yomweyo ya ma watts. Chaja ya foni ilowa inde koma mphamvu yake ndi yochepa, ndipo nthambo wamba ya USB-C imanyamula mpaka 3A kapena kuti 60W, yopitirira pamenepo imafuna nthambo ya 5A yokhala ndi kachipu mkati.

mudala_wa_ku_kapata:

Zonsezi nzabwino koma tinene zoona, orijino mu Chipata muno uipeza kuti? Aliyense wogulitsa amati yake ndi orijino, ndipo ukaitanitsa ku Lusaka mtengo wake kuphatikiza ya basi ndi hafu ya laputopu. Ife osauka tizingogula zomwezi.

fundi_wa_malaputopu:

Madala apo mwakhudza penipeni. Ine makasitomala anga ndimawauza kuti bola orijino yakale yochoka pa laputopu yakufa kusiyana ndi yatsopano ya mu kabokosi konyezimira yotchipa. Kwa okonza makompyuta kumakhala machaja otere, malaputopu amafa kusiya machaja ali amoyo. Poigula inyamuleni m'manja, yeniyeni imalemera chifukwa muli zitsulo zomwazira kutentha, ya gong'a imapepuka, ngakhale ena anachenjera amamatamo kachitsulo kuti ilemere, ndiye musadalire kulemera kokha. Onani pepala, zilembo zofufutika kapena mawu olakwika masipelo ndi chizindikiro, onani msoko wa kabokosi ngati unatsegulidwapo ndi kumatidwa ndi gluu, pindani nthambo pang'ono pafupi ndi kabokosi ndi pafupi ndi kamutu muone ngati yang'ambika. Ndipo pitani ndi laputopu yanu batire ili yochepa, muilumikize pomwepo pa shopu mukhale kaye pang'ono mukucheza, muigwire muone kutentha kwake, muonenso ngati kauthenga ka adapter kabwera. Wogulitsa wokana kuti muyese mukhale naye tcheru. Risiti mutenge, yolembedwa ma watts, chifukwa popanda risiti ngakhale mutapita kukadandaula ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, mulibe pogwira.

Chomwe sindifuna ndi ichi chotsegula kabokosi ndi mpeni kunyumba. Mkati muli capacitor yaikulu yomwe imasunga ma volts opitirira 300 ndipo imatha kukhala nawo kwa kanthawi ngakhale mwazula pakhoma. Kuluka nthambo yoduka ndi kumanga selotepu nakonso ndi komwe kumayambitsa kutentha pa mfundo pamenepo. Ndipo chizolowezi chokulunga nthambo mothinitsa kuzungulira kabokosi ndicho chimadula tiwaya ta mkati, totsala tochepato ndi tomwe timatentha.

wa_ku_mfuwe:

Afundi pepani ndilowererepo. Kuno ndimagwiritsa nchito sola ndi ka inveta kakang'ono, chaja yanga ndi orijino yobwera ndi laputopu koma ikakhala pa inveta imalira ndi kutentha kuposa ikakhala pa malaiti a ku ofesi. Ndi chaja kapena inveta?

fundi_wa_malaputopu:

Akulu, kawirikawiri ndi inveta. Zotchipa zambiri ndi za modified sine wave, malaiti ake satuluka mosalala ngati a pakhoma, amatuluka modukaduka, ndiye zida za mkati mwa chaja zimavutika nawo, nchifukwa chake kulirako ndi kutentha. Machaja ambiri amapirira koma moyo wake umafupika, ndipo ndi kutentha kwa kuchigwa kwanuko komwe kumapitirira 40 mu Okutobala chajayo ilibe popumira. Onani pa inveta ngati alembapo pure sine wave, ngati sanalembe ndiye ndi ya modified. Njira ina ndi kugula chaja ya galimoto ya laputopu yanuyo, ija yochoka pa 12V kupita pa 19V kapena 20V molunjika, mumailumikiza ku batire ya sola kudzera pa fyuzi osadutsa pa inveta, ndipo batire imakhalitsa chifukwa simukusintha malaiti kawiri. Mungoonetsetsa ma volts, ma watts ndi kamutu monga ndauzira asisi pamwambapa. Laputopu yanu ndi ya mtundu wanji, ndipo pansi pake alembapo manambala ati?